Kodi Ministry of Justice ndiye bwana wa makhoti? Ndifuna kukwera basi ya ku Lusaka

MwanaWaKapata analemba:

Muli bwanji abale. Ndili ndi funso koma mundipirire ndiyambe ndi nkhani yake kuti mumvetse. Atate anatisiya mu February, anasiya nyumba kuno ku Kapata mu Chipata, ka Canter kamene amanyamulira chimanga na nshawa kuchoka ku Chadiza, ng'ombe 7 kumudzi na munda. Will sanalembe, mudziwa madala athu ukangotchula za will amati mwana iwe ufuna kundipha. Pa maliro banja linasankha atate aang'ono kuti akhale administrator, woyendetsa chuma cha malemu, anapita ku local court anatenga pepala, ife tinati zili bwino ni m'bale wao. Manje miyezi yapita Canter sitiionanso, ati ili ku garaji koma anthu aiona inyamula njerwa ku Katete, ndiye sabata yatha azakhali anabwera kuuza amai kuti ayambe kuganiza zobwerera kwao chifukwa nyumba ni ya mbumba yao, ife ana ati mwa Chichewa kwathu ni kuchikazi tilibe gawo pa za atate. Amai sagona.

Mnzanga wa ku ntchito ati usataye nthawi na tumakhoti tating'ono, pita ku Lusaka ku Ministry of Justice ukaonane na nduna olo Attorney General, iwo ndiwo mabwana a majaji onse akaimba foni imodzi chabe zonse zitha tsiku lomwelo. Ya basi ndapeza kale. Koma ndisanawononge ndalama ndati ndifunse, undunawu ntchito yake ni chani kwenikweni? Makhoti, apolisi, ndende, zonse zili pansi pake? Nkafika ndigogode pa chitseko chiti?

Mdala_wa_Kalongwezi anayankha:

Pepani ndi maliro mwanawe, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule tiketi. Ndalama ya basiyo ibwezeni m'thumba kaye. Mnzanuyo amakufunirani zabwino koma wasokoneza zinthu, ndipo si iye yekha, anthu ambiri dzina lakuti unduna wa zachilungamo limawanamiza, amaganiza kuti chilichonse chokhudza mlandu chimathera kumeneko.

Undunawu muuone ngati ofesi ya maloya a boma. Boma nalonso ndi ngati munthu, limagula zinthu, limakongola, limasaina mapangano ndi maiko ena, limasumilidwa, nalo limasumila ena. Ndiye lifunika anthu olilangiza ndi oliimira ku khoti, anthu amenewo ndi aja ali ku Fairley Road ku Ridgeway mu Lusaka. Pamwamba pali nduna, amene ndi wandale, ndi MP, ndipo sikuti achite kukhala loya iyayi, a Given Lubinda anakhala pa mpando umenewo kuyambira 2016 mpaka 2021 koma si loya. Atachoka iwo panabwera a Mulambo Haimbe, mu 2024 anaikapo a Princess Kasune a ku Keembe. Ntchito ya nduna ndi kunyamula mfundo za boma pa nkhani za malamulo, kupita nazo ku kabineti ndi ku Parliament, kuyankha mafunso a ma MP anzake. Bill 10 ija yofuna kusintha constitution, tinakangana nayo pa mawailesi mpaka inagwa mu October 2020, amene anainyamula anali nduna ya undunawu. Kale timautcha Ministry of Legal Affairs, ndipo ine ndimaona kuti dzina lija linali loona kuposa la lero.

Attorney General ndi wina. Iyeyo ndi loya wamkulu wa boma, constitution yathu ya 2016 imamutchula pa Article 177, amasankhidwa ndi President nkuvomerezedwa ndi Parliament, wachiwiri wake ndi Solicitor General. Mukamamva pa nyuzi kuti wakuti wasumila Attorney General sikuti munthuyo analakwiridwa ndi a Mulilo Kabesha, amene anakhala pa mpandowo mu 2021, iwo eni, ayi, lamulo limati ukafuna kusumila boma dzina lolemba pa pepala ndi la Attorney General. Galimoto ya boma ikakugunda, kapena akakutsekera popanda chifukwa, ku khoti ukakumana ndi maloya a ofesi imeneyo ndipo adzakhala mbali inayo, kuteteza thumba la boma. Ndiye taganizani, munthu amene nayenso amaimirira pamaso pa jaji nkumati My Lord, nthawi zina nkuluza, angakhale bwanji bwana wa jajiyo?

Muli madipatimenti angapo mmenemo. Kuli olemba malamulo, aja amasandutsa maganizo a kabineti kukhala bill ya ma section ndi ma subsection, unduna uliwonse ukafuna lamulo latsopano umadutsa kwa iwo. Kuli oona za milandu ya boma ndi kutolera ngongole zake, kuli oona mapangano ndi maiko akunja. Kulinso ofesi ya Administrator General, imeneyo ndiye ikukhudzani inu, koma ndisiyira ena oidziwa bwino.

Makhoti ali paokha. Mutu wao ndi Chief Justice, a Mumba Malila analowa mu 2021. Kuyambira local court imene inapatsa atate anu aang'ono pepala, kukwera kwa majisitireti, High Court, Court of Appeal, mpaka Supreme Court ndi ConCourt, khoti loona za constitution, onsewo ndi Judiciary, nthambi ina ya boma. Apolisi ndi ndende ali ku Home Affairs, ndende ya Namuseche kuno ku Chipata si ya Ministry of Justice. Nduna ikaimbira jaji foni kuti gamula mwakuti, imeneyo ndi nkhani yochotsetsa anthu ntchito.

ChadizaBoy anayankha:

Kkkkk amdala mwakamba bwino monga muli mu kalasi ya civics koma tiyeni tikambe zapansi pano. Ati makhoti ali paokha. Amene asankha Chief Justice ndani? President. Majaji? President. Attorney General? President. DPP, mkulu wozenga milandu ya upandu? President. Nduna? President yemweyo. Parliament yovomereza ija ambiri ni a chipani chake. Ndiye mundiuze ine ati ni nyumba zosiyana, ine niona nyumba imodzi ya zipinda vambiri landilodi mmodzi. Kumbukani 2017 a HH, a Hakainde Hichilema, anawamanga pa treason chifukwa cha motorcade ya ku Mongu, anakhala mkati miyezi 4, tsiku lina mu August tingomva ati DPP walowetsa nolle, waimitsa mlandu, tulukani. Inali law imeneyo olo ndale? Nayo boma ya a HH mu 2022 DPP anachoka, mu 2024 majaji atatu a ConCourt anachotsedwa. Sinikamba kuti uyu analakwa uyu sanalakwe, nikamba chabe kuti boma ikasintha mipando ija imagwedezeka, chipani chilichonse.

Koma pa nkhani yako mwana wa Kapata nigwirizana nao amdala, usapite. Makilomita opitilira 500, kuwoloka Luangwa, kufika pa Intercity usiku, kugona kwa wachibale ku Mtendere, mmawa ukafika pa geti akufunse muli na appointment? Foni imodzi ija mnzako akamba siimbidwa chifukwa cha Canter ya ku Kapata.

NaChisale_Katete anayankha:

Mwana wanga pepa, uwauze amai ako asatuluke m'nyumba imeneyo olo tsiku limodzi, asanyamule olo supuni. Ine zinandionekera amuna anga atamwalira, alamu anga anafika ndi ngolo maliro asanathe nkomwe, ndiye zimene ndilemba pano ndinaziphunzira ndi misozi osati kusukulu.

Pali lamulo la 1989, Intestate Succession Act, la munthu amene wamwalira osalemba will. Limagawa chonchi, ana 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndiye 10 yotsalayo ndi ya anthu amene malemu amawasunga. Akazi akakhala awiri kapena atatu amagawana 20 yomweyo poona zaka zimene aliyense anakhala pa banja. Ana ndi ana onse, ndi akunja omwe, ndiye ngati atate ako anali ndi kwina konzekera mtima, ine anatulukira awiri pa manda kkk. Azakhali ndi atate aang'ono mulibemo mmenemo pokhapokha ngati amasungidwa ndi malemu. Nyumba lamulo linaiika padera, ndi ya mkazi ndi ana, amai ako akhalamo mpaka imfa kapena mpaka atakwatiwanso. Zakuti mwa Chichewa ana ndi a kuchikazi nzoona pa mwambo, tonse tidziwa kuti kale chuma cha mwamuna chimapita kwa ana a mlongo wake, koma lamuloli linabwera dala chifukwa amasiye amatsala pa mtetete.

Koma ndikuuze chilungamo pa munda. Lamuloli silikhudza malo a mafumu. Munda wa ku Chadiza ngati ulibe title umenewo ndi nkhani ya anyakwawa ndi mfumu, ndipo kumeneko mwambo ndiye ulankhula, ngati atate ako analima pa malo a mbumba yao ukhoza osaupeza. Usalimbane ndi zonse nthawi imodzi. Ng'ombe ndi katundu, zimenezo ziwerengedwe.

Chimene anthu samvetsa nchakuti administrator si wolowa chuma. Ndi wantchito chabe, asonkhanitse katundu, alipire ngongole ndi za maliro, agawe monga lamulo linenera, ndipo khoti likamufunsa aonetse mmene wayendetsera. Kugulitsa Canter kapena nyumba afunika chilolezo cha khoti. Akamadya yekha mukhoza kupempha khoti limuchotse, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, munthu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 2. Ine ndinayambira ku Victim Support Unit ku polisi, alamu anga atangoona kalata yowaitana ngolo inabwerera yokha ndi mipando yanga.

Ofesi ya Administrator General imene anena amdala ija, ntchito yake ndi kuyendetsa chuma cha masiye pamene palibe woyenera kapena pamene abale akanika kumvana, khoti likhoza kuipatsa ntchitoyo m'malo mwa wachibale. Imeneyo ndiye mbali ya undunawu imene ingakugwire dzanja. Inanso ndi Legal Aid Board, maloya a anthu osowa ndalama ya loya, ndipo ofesi yao ili mu Chipata momwemo, suchita kuwoloka Luangwa. Tenga death certificate, pepala la ku local court lija olo fotokope, mapepala a nyumba, white book ya galimoto ngati sanaitenge kale, ma NRC anu ndi mapepala obadwira a ana ang'onoang'ono. Upite ndi amai ako, usapite wekha, iwo ndiwo mwini nkhani.

Loya_Mawa anayankha:

Amama a ku Katete mwamaliza zonse, ine ndingowonjezera pang'ono poti ndili pa sukulu ya zimenezi, ndikonzekera ZIALE, sukulu imene maloya amadutsamo asanayambe ntchito, imene nayonso ili pansi pa unduna womwewu pamodzi ndi Zambia Law Development Commission, aja amafufuza malamulo okalamba kuti asinthidwe. Mutipempherere, mayeso a kumeneko mumamva mbiri yake.

Choyamba pa pepala la ku local court. Malire a ndalama amene lamulo la 1989 linapatsa local court pa chuma cha masiye ndi ochepa zedi poti analembedwa pa kwacha ya nthawi imeneyo, ndiye chuma chokhala ndi nyumba ndi galimoto malo ake enieni ndi High Court, ndipo High Court ili mu Chipata. Anthu amathamangira ku local court chifukwa ndi pafupi, nkotchipa, amakamba Chinyanja ndipo maloya salowako pa milandu ya mwambo, koma a Legal Aid akaona pepalalo chinthu choyamba adzafunsa ndi mtengo wa katundu yense. Mwina nkhani ya atate aang'ono ikhoza kuthera pomwepo. Komanso wina akaluza ku local court asamati ndikadandaula kwa nduna, njira ndi apilo kwa majisitireti pasanathe masiku 30. Ukaona kuti woweruza wachita zachinyengo, osati kungoti wagamula zosakukomera, kuli Judicial Complaints Commission. Wapolisi akakuzunza kuli Police Public Complaints Commission. Ofesi ya boma ikakhalira fayilo yako kuli Public Protector. Zitseko nzambiri, vuto palibe amatiuza.

Tsopano akulu a ChadizaBoy. Simunaname pa zakuti President ndiye amasankha, koma mwaika onse mu thumba limodzi pamene mipando yao inamangidwa mosiyana. Nduna akhoza kuichotsa mmawa uno popanda kufotokoza. Attorney General naye mpando wake umatha President wina akalowa, constitution inalemba choncho, ndipo nzomveka poti ndi loya wa boma limenelo. Koma jaji ndi DPP sangachotsedwe ndi kalata chabe, mpaka dandaulo lidutse ku Judicial Complaints Commission, ndipo aja mwatchula a 2022 ndi 2024 anadutsa kumeneko. Mukhoza kunena kuti njirayo ili ndi mabowo, ambiri amatero ndipo inenso ndili ndi mafunso anga, koma kusiyana kulipo. Majaji dzina limayamba kuchokera ku Judicial Service Commission. Ndipo boma limaluza milandu ku makhoti athu omwewa, kukanakhala kuti ndi foni imodzi bwenzi kulibe Compensation Fund yolipira anthu amene awina boma.

DPP anthu amamusokoneza ndi Attorney General. Attorney General ndi wa milandu ya boma ya ndalama, mapangano, malangizo. DPP ndi wa milandu ya upandu, kuba, kupha, katangale, ndipo ndiye mutu wa National Prosecution Authority imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Kale amene amaimira boma kwa majisitireti anali apolisi, yemwe wakumanga mnzake wa yunifomu ndiye akuzenga, lero ndi a NPA. Article 180 imati pa ntchito yake DPP salamulidwa ndi munthu aliyense, nduna kaya Attorney General. Nolle ija ndi mphamvu yake yoimitsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe, ndipo sikuti wapezeka wosalakwa, akhoza kukumanganso pa mlandu womwewo, nchifukwa chake ena amatuluka pa khoti nkupeza galimoto ya polisi ili panja iwadikira. Pamenepo akulu ndikuvomerezani, mphamvu imeneyo ndi yaikulu kwambiri kwa munthu mmodzi amene sakakamizidwa kufotokoza chifukwa.

Koma kunena kuti undunawu ulibe ntchito kwa ife a kuno ndiye ayi. Chilango cha imfa chinachotsedwa mu December 2022, pamodzi ndi mlandu uja wonyoza President umene unamangitsa anthu ambiri. Children's Code ya 2022, komanso kusintha kwa lamulo la ukwati mu 2023 kuti mwana wosafika zaka 18 asakwatiwe olo pa mwambo, nkhani imene mafumu athu kuno kum'mawa akhala akulimbana nayo. Zonsezo mawu ake anadutsa m'manja mwa olemba malamulo a ku Ridgeway. Legal Aid Act ya 2021 inavomereza ma paralegal, othandiza anthu pa za malamulo koma si maloya, aja mumawapeza pa ma desiki ku polisi, ku khoti ndi ku ndende. Ndiye undunawu umatikhudza, koma umatikhudza polemba malamulo amene jaji adzawerenga, osati pomuuza jaji chogamula.

ChadizaBoy anayankha:

A loya a mawa mwayamba kale kuteteza boma musanapase na mayeso kkkk. Chabwino navomera kusiyana kulipo pa pepala. Koma Compensation Fund mwatchulayo funsani amene anawina boma kuti ndalama anaiona liti, poti lamulo silola ma bailiff kukanyamula mipando ya mu ofesi ya boma monga achitira kwa ine na iwe. Uwina, upatsidwa pepala, uyamba kuyembekeza. Ni pamene nikamba kuti landilodi ni mmodzi.

Mdala_wa_Kalongwezi anayankha:

Pa ma bailiff mnyamata wanena zoona, katundu wa boma salandidwa, ndi State Proceedings Act imeneyo. Koma tisamusokoneze mwanayu, iye sasumila boma, akangana ndi atate ake aang'ono, ndipo Canter ya atate aang'ono ilibe chitetezo chimenecho. Chimodzi ndiwonjezere mwanawe, musanapite ku khoti yesani kukhala pansi ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, muitane ndi ankhoswe a ukwati wa makolo anu ngati alipo, wina awawerengere magawo aja anena amai a ku Katete. Nthawi zambiri azakhali oterewa sadziwa kuti pali lamulo, amangoyendera zimene anaona kwa agogo ao. Akakana ndiye mupite, mlandu suola. Koma mapepala a nyumba muwachotse m'nyumbamo lero lomwe mukasungitse kwina.

MwanaWaKapata anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, amama a ku Katete ndawawerengera amai zonse mwalemba analira koma aseka pa za ana otulukira pa manda, ati nawonso ali na mantha amenewo. Mapepala a nyumba tawapeza anali mu sutikesi ya atate pansi pa ma jekete, tapereka kwa abusa atisungire. White book palibe, atate aang'ono anaitenga tsiku la kusesa ati afuna kulipira road tax. Ya basi ija ndapatsa amai agule unga na malasha. Lolemba tipita ku Legal Aid tonse awiri, ankhoswe mmodzi anamwalira koma wina ali ku Mchini ndamutumira uthenga. Funso lina a Loya_Mawa, agogo amuna anamwalira kale koma agogo akazi alipo ku Chadiza ndipo akhala na azakhali omwewo, ndiye 20 ya makolo ija ipita yonse kwa iwo? Chifukwa ngati ni choncho ndaona kale amene aidye.